Kumeta Mwana Wanga Malaiti Atapita

Ntchito yanga ndi yometa anthu. Kababashopu kanga kali m'komboni ya Chawama, kamalata, kotsamira mpanda wa nyumba imene timachita lendi, moti ndikaima pakhomo ndimaona chingwe chimene amake mwana amayanikapo zovala. Mitu imene yadutsa m'manja mwangamu ndi yosawerengeka: ya makondakitala a minibasi, ya abusa, ya akwati othamangira ukwati, ya madala a dazi amene amafuna ndiwakonze tsitsi loti kulibe. Yonseyo ndinkaimaliza munthu asanamalize nkhani imene wayamba, ndipo ndinkanyadira changu changacho. Mutu umodzi wokha ndi umene unandikanika, wa mwana wanga yemwe, ndipo panatsala pang'ono kuti anthu ena akaumete mokakamiza, atamupanikiza pansi.

Mnyamatayu ndi woyamba kubadwa, ndipo mpaka lero ndi yekhayo. Anabadwa bwinobwino, wojintcha, koma anzake atayamba kutchula amama ndi atata, iye anali zii. Ukamuitana sankacheuka, chonsecho wina akatsegula pepala la switi kuseri kwa nyumba ankamva. Tinayenda naye uku ndi uku mpaka ku chipatala chachikulu m'tauni, kumene anatiuza kuti ali ndi otizimu. Anati ubongo wake umalandira zinthu mwa njira yakeyake, ndipo phokoso limene kwa ife ndi phokoso chabe, kwa iye limapweteka. Ndinafunsa mankhwala ake. Anati palibe, chifukwa si nthenda yoti achire, ndi mmene alili basi, ofunika kuphunzira ndi ife. Ndinatuluka m'menemo ndikung'ung'udza kuti ndangovutika ulendo pachabe.

Ndiye taganizani, mwana woopa phokoso n'kukabadwira kwa wometa. Mashini anga akangolira, iye ankatseka makutu ndi zikhato n'kuthawira kunsi kwa bedi, ndipo m'shopu anali asanapondemo chibadwire. Ali wamng'ono tinkamudula tsitsi ndi sizasi ali m'tulo. Atakula tulo take tinapepuka, ukangomukhudza kumutu wadzuka, ndipo kukuwa kwake anthu ankatuluka m'nyumba zawo kudzaona ngati kwagwa maliro. Tinagwa ulesi, tinamusiya. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri tsitsi linali litapotana n'kusanduka zingwezingwe zoti chipeso sichilowa. Kumusambitsa kumutu inali nkhondo, ndipo amake ankatuluka m'bafa atakandidwa mikono yonse.

Makasitomala ndiye anapeza poseka. Wina ankati ndine wophika amene amagona ndi njala, wina ankafunsa ngati tikulera rasita. Ine ndinkaseka nawo, chifukwa kasitomala umaseka naye ngakhale nthabwala yake ili yowola, koma m'kati ndinkapsa. Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa, ndipo mkwiyo umene ndinkaumeza m'shopu ndinkakaulavulira kunyumba, pachitseko, pampando, pandiwo zosakolera mchere. Mutu unkandiwawa cha kunkhongo kuno, nsagwada zinkauma. Ku kiliniki anandiyeza n'kunena kuti bipi yakwera, anandipatsa mapilisi, ati ndichepetse maganizo. Ndinawafunsa kuti maganizowo ndikawasiye kwa yani.

Pakati pa ine ndi mwanayo panali kanthu kamodzi kokha. Sankalola kuti ndimunyamule, kaya chifukwa ndinkanunkha spiriti wa m'shopu, kaya chifukwa cha mawu anga aakuluwa. Koma m'mawa uliwonse ankabwera n'kugwira chala changa chimodzi, n'kundikokera kuchitseko kuti ndimutsegulire aone kunja. Chitseko chikatseguka ankandisiya. Kwa abambo ena zimenezo n'zopanda pake, koma ine tsiku likayamba osandigwira ndinkagwira ntchito ngati wodwala.

Chaka chimene ndikunenachi ndi cha chilala chija, madzi atachepa kudamu la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Kuno timati malaiti apita. Mwezi wa Okutobala kunatentha koopsa, thukuta linalowa m'tsitsi la mwanayo, anayamba kudzikanda, ndipo kuseri kwa makutu kunatuluka tizilonda. Lamlungu lina masana alamu anga, achimwene awo a amake mwana, anabwera kuchokera ku Matero. Anakhala pampando n'kumuyang'ana mwanayo akudzikanda. Kenaka anafotokoza kuti kuchalichi kwawo kuli munthu wa mapemphero amene wanena kuti tsitsi limenelo ndi limene lamanga lilime la mwana. Amuna angapo adzamugwira, adzamumeta mpala ndi lezala, adzamupempherera, ndipo adzalankhula. Loweruka la kumapeto kwa mwezi adzabwera ndi galimoto kudzamutenga.

"Ba mulamu," anatero, "mwana uyu ni wa mbumba yathu. Imwe mwakangiwa, lekani tiyeseko ise."

Kukangiwa, kulephera, ine! Magazi anandithamangira kumutu, koma pakamwa ndinatseka. Kwathu ku Katete mwamuna ndi tambala chabe, anapiye ndi a kuchikazi, ndipo mawu a malume pa ana a mlongo wake ndi olemera. M'tauni muno zimenezi zinachepa mphamvu, inde, koma bambo amenewa ndi amene analera mkazi wanga makolo atamwalira, ndiponso ndi amene ankatiperekeza ku chipatala pamene abale anga ankangofunsa pafoni kuti zikuyenda bwanji. Si munthu woipa, ndipo zilonda zimene ankanenazo zinalipodi. Atapita ndinayang'ana amake mwana kuti anenepo kanthu. Iwo anangoti atopa, zonse tayesa, mwina Mulungu adzera kumeneko. Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi: mwana ameneyu amuna akamupanikiza pansi ndi lezala, sadzalolanso mwamuna aliyense kumuyandikira, ndipo chala changa sadzachigwiranso. Ndinayenera kumumeta ndekha mwezi usanathe, iye atalola.

Ndinayamba ndi nzeru za wometa aliyense. Ndinamugulira maswiti, ndinamupatsa foni kuti aonere makatuni, ndinabisa sizasi m'thumba la kabudula n'kumamuzembera ngati ndikufuna kugwira nkhuku. Zonse zinangoipiraipira. Ankandiona ndikali patali n'kuthawa, ine n'kumakalipa kuti ndikuchitira iwe wemwe, mwana iwe. M'mawa wina anadutsa pafupi nane osagwira chala, anakakoka amake kuti amutsegulire. Tsiku limenelo ndinacheka kasitomala pakhutu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

Ku kiliniki kwathu makolo a ana otere amakumana kamodzi pamwezi pansi pa shedi, ndipo amene ankapitako nthawi zonse ndi amake. Ulendo uno ndinati ndipita ine, ndili ndi cholinga changa: ndikapemphe mankhwala ogonetsa, mwana agone tulo tofa nato, ndimumete. Mwamuna ndinali ndekha, ndipo azimayi onse anandiyang'ana ngati ndasochera. Mayi amene amatsogolera, wophunzira za ana amenewa, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti mankhwala oterowo sapatsa munthu kuti akamwetse mwana kunyumba. Kenaka anati tonse tikhale bwino, mapazi agunde pansi, titseke maso, timvetsere mpweya ukulowa ndi kutuluka, maganizo akathawa tiwabweze modekha osadzikalipira. Ase! Ine kupuma ndinayamba tsiku limene ndinabadwa, lero nditseke shopu kuti wina andiphunzitse? Maso sindinatseke. Ndinkangoona azimayi aja, ena misozi ikutsika mwakachetechete.

Amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kufunsa kuti ndine mwamuna wa yani. Nditamuuza anamwetulira, ati amake mwana amawadziwa bwino, chifukwa ikafika nthawi yotseka maso iwo amagona zenizeni, mutu utatsamira mzati, mpaka kuliza mkonono, ndipo palibe amene amawadzutsa. Zimenezo zinandilasa. Timagona nyumba imodzi, koma kuti mkazi wanga amadzapezera tulo pabenchi la kiliniki ndinamva kwa munthu wachilendo.

Titamaliza, mayi wotsogolera uja anandiitanira pambali. Analoza manja anga, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti ndakunga zibakera. Anati mwana amene mawu samufika bwino amawerenga thupi: mapewa, kapondedwe ka mapazi, kapumidwe. Ukamuyandikira uli ndi liwiro m'chifuwa, iye amaliona ngakhale ukumwetulira.

"Musanagwire mwana, bambo, yambani mwadzimva nokha," anatero. "Si za iye yekha izi. Nanunso mukufunika kukhala ndi moyo."

Ndinathokoza mwaulemu n'kutuluka, njira yonse ndikutukwana chamumtima kuti pali anthu amene amalandira malipiro chifukwa chouza anzawo kuti apume.

Masiku amenewo ntchito inali ya mwayi. Malaiti ankabwera nthawi imene afuna, n'kukhala pang'ono, n'kupitanso, ndipo wochedwa kudziwa ankagona ndi njala. Choncho aliyense m'komboni ankasiya kanthu koyatsa kuti kamudziwitse: wina wailesi, wina babu, wowotcherera zitsulo woyandikana nane ankasiya makina ake opalira. Ine ndinkasiya mashini ometera ali oyatsa pashelefu, kuti akangolira ndithamangire kumsewu kukaitana mitu. Nthawi yotsalayo ndinkakhala pabenchi n'kumatukwana a magetsi, mitambo, aliyense amene wandibwerera m'mutu.

Masana ena otukwana nawo anasowa, kutentha kunathamangitsa onse, ndipo ndinatopa ndi mawu anga omwe. Ndinati lekani ndiyese zamisala zija, ndikamuuze mayi uja mwezi wamawa kuti sizigwira ntchito. Ndinavula mapatapata, mapazi anagunda simenti. Choyamba chimene ndinamva ndi mano: ndinali nditaluma, kaya kuyambira liti. Ndinamasula. Mapewa anali kumakutu, ndinawatsitsa. Maganizo ankathawira kwa alamu, ku lendi, ku lezala, ine n'kumawabweza ngati mbuzi zolowa m'munda. Kenaka ndinamva chinthu chimene zaka zonsezi ndinali ndisanachimve, Chawama yonse ili chete. Chigayo chili zii, masipika a kubala ya mowa ali zii, wowotcherera ali zii. Kunkamveka malata akuthetheka ndi dzuwa, mayi wina akukwecha poto, nkhuku ikuitana ana ake. Nditatsegula maso, mwana wanga anali ataima pakhomo pa shopu.

Dzanja langa linathamangira kusizasi lokha, ndisanaganize n'komwe. Mwanayo anangoona phewa likusuntha, wapita. Ndinadziluma lilime. Mawa lake ndinakhalanso chimodzimodzi, koma manja ndinawakhalira. Anabwera, anaima pakhomo, anasuzumira, n'kulowa. Sanandiyang'ane. Anapita pashelefu natenga tizipeso tapulasitiki timene timaveka kukamwa kwa mashini, n'kutindandalika pansi kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Ine mtima ukugunda, koma ndikupuma pang'onopang'ono, maso theka. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sankadana ndi shopu, ngakhalenso ine. Shopu yopanda phokoso ndi bambo wokhala pansi anali asanazionepo. Za mashini oyatsa pashelefu paja sindinaziganizire, poti masana malaiti anali atasiya kubwera.

Masana aliwonse zinakhala choncho, ndipo tsiku lina ndili chikhalire ndinamva kadzanja pamsana panga. Eni nyumba yathu ali ndi mphaka, ndipo mwanayu amakonda kuika dzanja pamimba pake akagona, kumvera ikukwera ndi kutsika. Tsopano mphakayo ndinali ine. Ndikayamba kuganiza za Loweruka lija mpweya unkafupika, ndipo dzanja linkachoka. Ndikabwerera, linkabweranso. Mayi wa ku kiliniki ndikanatha kutsutsana naye, koma dzanja ili linalibe mkangano. Amake atatipeza choncho anafunsa ngati ndalowa chalichi chatsopano chopemphera chosinza. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anati nkhonoyo ifulumire, chifukwa achimwene aimba foni kukumbutsa.

Si masiku onse zinkayenda. Ena ndinkakhala pabenchipo thupi lili phee koma m'mutu muli msonkhano, ndikuwayankha alamu mawu amene ndinawameza Lamlungu lija, ndipo masiku oterowo mwanayo ankangosuzumira n'kubwerera. Koma masiku amene ndinakhaladi, ndinayamba kumuona. Kwa nthawi yaitali ndikamuyang'ana ndinkaona tsitsi, ndinkaona zilonda, ndinkaona ntchito yosatha. Tsopano ndinaona kuti akamandandalika tizipeso amatulutsa kansonga ka lilime, monga ankachitira malemu atate anga posoka thumba. Ndinamva kuti amaimba kanyimbo kapansipansi, komweko komweko, kamene mashini akhala akukaphimba zaka zonse. Ndinasangalala, ndipo chisangalalocho chinandidabwitsa, chifukwa panalibe chimene chinali chitakonzeka. Mutu wa kunkhongo uja madzulo ena unkaiwala kubwera.

Sabata yomaliza mwanayo anatenga sizasi pashelefu. Anaitsegula, anaitseka, anaitsegulanso. Kenaka anagwira chala changa, chala chija, n'kundikokera kumpando wometera. Zaka zonse ndagwira ntchitoyi pampando umenewo ndinali ndisanakhalepo, chifukwa ndimadzimeta ndekha choimirira pagalasi, ndipo popanda malaiti tsitsi langa nalonso linali litakula. Ndinakhala. Iye anakwera pa kabokosi kumbuyo kwanga. Abale, mantha amene ndinamva! Munthu ali kumbuyo kwako, chitsulo chozizira chikuyenda pafupi ndi khutu, ndipo sudziwa chimene achite. Ine ndine wamkulu, sizasi ndimaidziwa, koma khosi linauma gwa. Nanga iye, amene kungomukhudza kumutu kumamuwawa, ndinkamupempha chiyani masiku onse aja? Ndinabwerera kumapazi, ndinabwerera kumpweya, ndipo tsitsi langa linayamba kugwera pamaondo.

Anandimeta apa dazi, apa chitsamba. Amake atandiona anaseka mpaka kukhala pansi, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Anati ndivale chipewa, kapena malaiti akabwera ndisalaze. Ndinakana, chifukwa m'mawa mwake mwanayo anabwera kudzapapasa zigamba zija chimodzichimodzi, kuona ngati ntchito yake ilipo. Wometa wa mutu wotere amathamangitsa anthu yekha. Kondakitala wina analowa, anandiyang'ana, n'kunena kuti wangokumbukira kuti minibasi yake yadzaza. Ndinamulola apite.

Loweruka lija linafika mwana asanametedwe. Amake anapita kumsika wa Soweto m'mamawa kukaoda tomato wogulitsa, atandiuza kuti achimwene afika masana. Dzuwa lili pamutu mwanayo analowa m'shopu, anandandalika tizipeso take, anaika dzanja pamsana panga, ndiyeno, popanda womuuza, anakwera pampando. Sindinamufunditse nsalu. Ndinamuonetsa sizasi pagalasi. Ndinagwira chingwe chimodzi cha tsitsi cha kukhutu lamanzere, ndinatulutsa mpweya, n'kudula. Ananjenjemera, koma sanathawe. Ndinamupatsa m'dzanja, iye anachiyang'ana n'kuchiika pamwendo. Chachiwiri anachiika pambali pa choyamba. Tinapitiriza choncho, chingwe chimodzi mpweya umodzi, ine amene ndinkamaliza mutu nkhani isanathe. Mbali yamanzere inatha, zilonda zinaonekera, ndipo sizinali zazikulu monga ndinkaopera.

Pomwepo malaiti anabwera. Komboni yonse inakuwa, ana m'misewu, masipika a kubala, makina a wowotcherera, ndipo pashelefu, pafupi ndi khutu la mwana wanga, mashini amene ndinawasiya oyatsa aja anayamba kulira n'kumavina pathabwa. Mwanayo anakuwa kukuwa kumene sindifuna kudzakumvanso. Anagwa pampando, anadzimenyetsa mutu kumalata, n'kukwawira kunsi kwa benchi. Ndinazula pulagi, koma zinali zitachitika kale. Mkwiyo unandidzaza mpaka m'maso munada. Ndinkafuna kuphwanya mashiniwo pansi, ndinkafuna kutukwana a magetsi ndi makolo awo, ndinkafuna kumukoka mwanayo mwendo ndimalize mbali inayo kamodzi n'kamodzi. Koma ndinakhala pansi pasimenti, msana nditalozetsa kubenchi imene iye anabisalako. Ndinalira, sindibisa. Ndikulira choncho ndinafunafuna mapazi anga, ndinamasula mano, n'kuyamba kukoka mpweya, woyamba wonjenjemera, wachiwiri chimodzimodzi.

Ndili pomwepo galimoto inaima panja. Alamu anga anafika pakhomo pa shopu ndi amuna awiri a kuchalichi kwawo, mwana akukuwabe. Mwaulemu wake ndinayenera kuimirira, kuwalandira, kuwapatsa mpando. Sindinaimirire, chifukwa ndinadziwa kuti ndikasuntha ndataya zonse. Alamu anaona tsitsi pansi, anaona mwana kunsi kwa benchi, n'kunena kuti izi ndi zimene ankanena, ndikungomuzunza mwana, amuna aja alowe amutenge. Mawu amene anafika pakamwa panga akanathetsa chibale tsiku lomwelo. Ndinawasiya adutse, n'kulankhula motsitsa, mwa mawu oti ine mwini sindinawazindikire.

"Ba mulamu, mutu uyu nauyamba ine. Pa nchito yathu, mutu wamene wayamba munzako sumaliza iwe. Nipempha, niyembekezeni."

Sindikudziwa ngati mawu amenewo okha akanakwana. Amene anatipulumutsa ndi amake mwana. Anali akubwera kuchokera ku Soweto, anamva kukuwa, anathamanga. Anadutsa pakati pa amuna aja, natula beseni la tomato, n'kugwada pakhomo penipeni kupereka moni kwa achimwene awo. Khomo la shopu yanga ndi lopapatiza, munthu mmodzi akagwadapo latsekeka, ndipo palibe mwamuna woleredwa bwino amene angalumphe mayi wogwada. Moni wawo sunali wa m'tauni. Anafunsa za alamu awo aakazi, za ana mmodzimmodzi, za mwendo wa achimwene umene unkatupa, za kumudzi ngati mitambo yayamba kuoneka, za denga la azakhali ngati analifolera. Achimwene ankayankha mwachidule, akupsa mtima, koma moni sakana. Mayi amene anandiuza kuti watopa uja anagwada pasimenti yotenthayo mpaka mafunso anamuthera, n'kuyambiranso.

Kukuwa kunasanduka kusisima. Kenaka ndinamva kadzanja, konyowa ndi misozi ndi mamina, kakufufuza pamsana panga mpaka kanapeza malo ake. Ndinapuma modekha mmene ndikanathera kuti kasachoke. Alamu ndi aatali, ankaona zonse pamwamba pa mutu wa mlongo wawo. Anasiya kuyankha moni. Kenaka anafunsa, motsitsa nawonso, kuti wandimeta chonchi ndani.

"Ndi mwana wanu yemweyo, achimwene," anatero amake. "Tsiku lija atate ake anamukhalira pampando. Lero wawakhalira iye."

Alamu sananene kuti ndinachita bwino, ndipo mpaka lero sananenepo. Anati zengerezu adalinda kwawukwawu, zilondazo zikakula adzamutengera okha ku kiliniki, ndipo za mapemphero tidzakambirananso. Anauza amuna aja kuti abwerere kugalimoto. Amake anadzuka movutikira, maondo atalembeka mchenga, n'kusankha tomato wabwino m'beseni muja kuti achimwene akapereke kunyumba.

Mbali yakumanja inatitengera mpaka mvula yoyamba. Kwa masabata angapo mwanayo sanayandikire mpando, ndipo ine sindinamuitane. Tinkayenda m'komboni tonse awiri, iye mutu theka, ine zigamba, anthu n'kumatiseka, koma zilonda zinapola ndi mankhwala opaka a ku kiliniki. Tsitsi lonse litachoka lilime silinasinthe, mawu amene ali nawo ndi ochepa, ndipo amabwera pa nthawi yawo. Ine mapilisi a bipi ndikumwabe, mtima wapachala uja sunathe, dzulo lomweli ndinakalipira munthu amene anandiponda m'minibasi. Kungoti tsopano ndimamva mano akayamba kulumana, ndipo nthawi zina ndimawapeza msanga. Ku shedi kuja ndimapita ndi mwana, amake n'kutsala kunyumba kuti agone pabedi osati pabenchi, ndipo maso ndimatseka.

Masiku ano malaiti sapitapita ngati chaka chija, ndipo Chawama inabwerera kuphokoso lake. La kutali mwanayo analizolowera pang'ono, bola m'shopu mukhale chete. Choncho masana aliwonse dzuwa likapendeka ndimazimitsa mashini, ndimazula pulagi, n'kuuza amene akudikira kuti malaiti apita. Sabata yatha kasitomala wina anandiloza babu likuyaka pakantemba kogulitsa sopo ndi shuga kutsidya kwa msewu.

"Mudala, malaiti yaliko, onani!"

"Kuno yayenda," ndinatero. "Bwelani mazulo."

Anachoka akung'ung'udza kuti ometa ndi ambiri ku Chawama, ndipo sananame. Ndinavula mapatapata n'kukhala pabenchi. Posakhalitsa ndinamva mapazi pakhomo, tizipeso tikuikidwa pansi kamodzikamodzi, kenaka kadzanja pamsana panga, komata ndi madzi a mango.